Kapu ya kabuleta yada bii mu kositiki: nditsukire chiyani tsopano?

Funsoli lachokera kwa m'bale wathu wa ku Lizulu amene akuphunzira umakaniko pa galaja ya amalume ake. Walemba motere: "Ndikumanga injini ya njinga ya kabaza ya 150cc. Pistoni, maring'i ndi mavalavu ndagula zatsopano. Zitsulo zina ndinaziviika mu soda wa kositiki ndipo zinayera bwino, ndiye ndinaponyamonso kapu ya pansi ya kabuleta. Madzi anachita thovu, kapuyo inatuluka yakuda bii. Mnzanga wina akuti ndiiviike mu asidi wa batire iyeranso, wina akuti ndiwiritse kabuleta yonse mu sopo wa ufa. Nditsukire chiyani kuti isawonongeke? Nanga kapu yadayo nditaye?"

Achimwene, thokozani kuti munayamba ndi kapu osati thupi la kabuleta. Mnzanu wa asidiyo muzichezerana naye nkhani za mpira, koma pa ichi musamumvere ngakhale pang'ono.

Thovu lomwe munaliona lija silinali litsiro likuchoka ayi. Chinali chitsulo chenichenicho chikusungunuka. Kositiki, amene m'mabuku amamutchula kuti sodium hydroxide, akakumana ndi aluminiyamu amayamba wachotsa kakhungu kopyapyala komwe kamateteza chitsulocho, kenako n'kumadya chitsulocho, ndipo thovu lija ndi mpweya wa haidirojeni umene umatuluka pamenepo. Mpweya umenewu umayaka, choncho beseni lotero pafupi ndi munthu wosuta kapena wowotcherera ndi ngozi inanso payokha. Kuda kuja nako kuli ndi chifukwa chake. Aluminiyamu woumbira zipangizo za injini sakhala yekha, amamusakaniza ndi silikoni, kopa ndi tizitsulo tina. Kositiki akadya aluminiyamu, tinato timatsala pamwamba ngati mwaye. Funsani amayi kunyumba zomwe zimachitikira poto wa aluminiyamu akamaphikiramo therere la chidulo kapena la soda kawirikawiri. Amada mkati. Chidulo ndi kositiki ndi pachibale, kungoti kositiki ndi mkulu wake waukali.

Pamenepa ndili ndi nkhawa ina. Mwati "zitsulo zina" munaziviika, koma simunatchule kuti ziti. Kirankishafuti, magiya ndi mabawuti ndi chitsulo chenicheni, kositiki sazidya. Koma pa njinga yotereyi hedi, makava a m'mbali, bokosi la kirankishafuti, pistoni ngakhale kunja kwa silinda, zonsezo ndi aluminiyamu. Ngati chimodzi mwa izi chinagona m'madzi amenewo, yang'anani bwino malo okhala mabering'i ndi pogona gasiketi musanamange.

Dziwaninso kuti makabuleta ambiri amene timawatcha a aluminiyamu kwenikweni ndi a zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono. Mukaunyamula mumamva kulemera kuposa maonekedwe ake. Zinki ameneyu ndi wamanyazi kwambiri: kositiki amamudya, asidi amamudyanso mwachangu, ndipo amasungunuka moto usanafike madigiri 400, pamene aluminiyamu weniweni amafuna madigiri 660. N'chifukwa chake jeti, kasikuluwu ka mkuwa kokhala ndi kabowo kodutsira petulo, ikakanirira sitiiwotcha ndi moto wa gasi. Ine ndinaphunzira nkhani ya kositikiyi ndi misozi. Ndili wophunzira ngati inuyo, ndinasiya kabuleta ya kapikiapu kakale m'mgolo momwe tinkawiritsira mabuloko, ndikuganiza kuti ndiwadabwitsa abwana m'mawa. Ndinawadabwitsadi. Ulusi womangira majeti unali utadyeka, jeti imangogwa yokha ukatembenuza. Miyezi iwiri ndinagwira ntchito ya ulere.

Sopo wa ufa wochapira zovala si woopsa ngati kositiki, komabe ambiri ali ndi soda wochapira, ndipo pa moto amadetsa aluminiyamu ndi kusiya nsenga zoyera m'timabowo. Jik nayenso amaboola aluminiyamu timaenje. Zonsezi zisiyireni ochapa.

Chomwe ndikufuna chikhazikike m'mutu mwanu ndi ichi: kabuleta si chiwiya choti chiwale, ndi muyeso. Ntchito yake ndi kuyeza petulo molingana ndi mpweya, pafupifupi makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo, ndipo imayeza ndi timabowo tating'ono kwambiri. Pa njinga zamtunduwu, bowo la jeti yaikulu limakhala pafupifupi milimita imodzi, la jeti yaing'ono ya aidiling'i, yomwe imapereka mafuta injini ikamalira njinga itaima, silifika ngakhale theka la milimita. Tiyeni tiwerengere. Bowo la mamilimita 0.38 mukalikuza ndi singano n'kufika 0.42, maso anu saona kusintha kulikonse, koma mpata wodutsa mafuta wakula kupitirira 20 pa 100 alionse, chifukwa kukula kwa bowo kumawerengedwa m'mbali zonse. Mankhwala aliwonse amene amayeretsa mwa kudya chitsulo, ndi waya aliyense wolimba kuposa mkuwa, akusintha muyeso umenewu, ndipo chitsulo chikachoka sichibwerera.

Kwathu kuno vutoli limakula kuposa kwina. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuyambira ku Bembeke, kwanu ku Lizulu mpaka ku Tsangano n'kumtunda kokhakokha. Mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, komwe majeti a njinga zambiri anawayezera. Ndiye kuti kabuleta yatsopano ya m'bokosi, ikangofika kuno, imakhala ikupereka kale mafuta ochulukirapo poyerekeza ndi mpweya umene ikupeza. Akabaza amene amatsika ku Golomoti amadziwa kuti njinga ikafika kuchigwa imakoka bwino, ikakwera imalefuka. Mabuku a injini za Honda zopopera madzi, zomwe alimi a mbatatesi amathirira nazo m'madimba, amanena kuti mphamvu imatsika ndi 3.5 pa 100 pa mamita 300 alionse amene wakwera, ndipo amalangiza jeti yocheperako kumalo okwera. Tsono munthu wa kumtunda akakuzanso jeti ndi singano, wathira mchere m'ndiwo zowawa kale. Pulagi imada, utsi wakuda, njinga imamwa mafuta ngati yaboola thanki.

Pa injini yongomangidwa kumene, zimenezi si nkhani ya mafuta okha. Petulo wochuluka amatsuka oilo m'khoma la silinda pa nthawi yomwe maring'i atsopano akufuna kukhazikika, ndipo amatsikira mu sampu n'kusungunula oilo. Mbali inayo, jeti ikakhala yotsekeka pang'ono, injini imalandira mafuta ochepa, imatentha, ndipo pistoni yatsopano, poti imakhala yothina, imagwira. Ndaona maovaholo abwinobwino, kutanthauza injini zomangidwanso bwino, akufa sabata yoyamba, mwini njinga n'kumatukwana wogulitsa masipeyala, chonsecho wolakwa ndi kabuleta yomwe inangopukutidwa kunja.

Tsopano katsukidwe kake. Musayambe ndi mankhwala, yambani ndi malo. Kabuleta itsukidwe patebulo loyera, kutali ndi pomwe mukuperera mavalavu, chifukwa phala lopererali ndi mchenga weniweni. Yalani nsalu yoyera kapena pepala, tengani timakapu kapena tizivundikiro ta mabotolo toikamo tizipangizo. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse. Palibe manyazi pamenepo, ine ndi imvi zangazi ndimajambulabe.

Tsukani kunja kaye musanatsegule, ndi palafini ndi mswachi wakale, kuti matope a msewu wa Tsangano asalowe mkati. Ndikudziwa kuti aliyense amatsukira petulo chifukwa ndi amene ali pafupi. Koma nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi ngati njoka, ndipo mu June ndi July kuno palibe galaja yopanda mbaula pakona. Palafini sagwira moto msanga choncho, ndipo amasungunula girisi mofanana.

Musanamasule sikuluwu ya mpweya, kapena kuti ya mikisicha, ilowetseni pang'onopang'ono mpaka itagunda, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo lembani. Nthawi zambiri mupeza pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka. Kugundako kukhale kongokhudza, osamanga, chifukwa nsonga yake ndi yosongoka ndipo pokhala pake ndi pofewa. Ikatuluka, werengani ana ake: kasipuling'i, kawashala kakang'ono ngati diso la nsomba, ndi kalabala kozungulira. Kawashala ndi kalabala timakonda kutsalira m'dzenje, ndipo munthu akapopera mpweya timauluka osaonekanso.

Masikuluwu a kapu pa njinga za ku Japan ndi zambiri zotengera kapangidwe kake amaoneka ngati a sitala wamba, koma mitu yake ndi ya muyeso wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo sikuludiraiva ya sitala wamba imaterereka n'kuwadya. Ngati mulibe yoyenera, sankhani yokwana bwino, kanikizani mwamphamvu, kenako mupotokole. Majeti ndi a mkuwa, amafuna sikuludiraiva yodzaza mpata wake wonse. Kapini kogwira fuloti, choyandama cha m'kapu chija chomwe chimatseketsa mafuta akadzaza, kakankheni ndi dzanja kapena kansonga kopyapyala. Hamala ayi. Timizati tiwiri tomwe timagwira kapiniko tikathyoka, kabuleta yatha basi.

Mukaphwasula, gawani milu iwiri. Mulu woyamba ndi zonse za labala ndi pulasitiki: gasiketi ya kapu, timalabala tozungulira, fuloti ngati ndi ya pulasitiki, nidulo ya fuloti (kamsomali kotseka polowera mafuta) yomwe nsonga yake ndi ya labala, ndi dayafuramu (labala yopyapyala yozungulira) ngati kabuleta yanu ndi ya mtundu wokhala ndi chivundikiro chachikulu pamwamba. Izi zimangofuna kupukutidwa ndi nsalu yonyowa ndi palafini pang'ono kapena madzi a sopo. Thinazi ndi mankhwala opopera a kabuleta zimafufumitsa labala, dayafuramu imakwinyika osabwereranso m'malo mwake. Mulu wachiwiri ndi zitsulo zokhazokha.

Litsiro la mkati mwa kabuleta lili mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Pali fumbi ndi dzimbiri lochokera m'thanki, lomwe limachoka ndi palafini ndi mswachi. Pali utomoni wachikasu kapena wobiriwira, wonunkha ngati vanishi, umene petulo amasiya akauma m'kabuleta yomwe yakhalitsa osayenda. Umenewu palafini amaulephera, umafuna thinazi kapena mankhwala a m'chitini aja olembedwa kuti carb cleaner, amene ali ndi asetoni ndi zosungunulira zina zotero. Izi sizidya aluminiyamu, zinki kapena mkuwa. Majeti aikeni m'kabotolo kagalasi ka thinazi, tsekani, asiyeni ola limodzi kapena usiku wonse ngati utomoni ndi wouma. Thupi la kabuleta lokha musaligoneke mu thinazi, chifukwa pa shafuti ya choko kapena ya gulugufe, kachitseko kozungulira kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya, pamakhala timalabala ndi timapulasitiki tobisika tomwe simunachotse. Lipopereni kapena litsukeni ndi kabulashi kwa mphindi zochepa. Chitirani panja, valani magolovesi, ndipo magalasi a m'maso musawaone ngati zachizungu: mukapopera m'bowo limodzi mankhwala amatulukira lina, ndipo kawirikawiri lina limenelo limakhala litaloza diso lanu.

Mtundu wachitatu ndi ufa woyera ngati laimu pansi pa kapu, ndipo umenewu ndiwo umapusitsa anthu kuti afune asidi. Si litsiro lochokera kunja, ndi chitsulo cha kabuleta chomwe chadyedwa ndi madzi. Madziwo amachokera kuti? Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku molasesi wa nzimbe. Fakitale ya ETHCO ku Dwangwa inayamba ntchito imeneyi mu 1982, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Ethanolo alibe vuto injini ikamayenda tsiku ndi tsiku, koma amakoka chinyezi, ndipo njinga ikaima milungu ingapo madzi amakhazikika pansi pa kapu. Onjezerani nkhungu ya kuno, thanki yokhala ndi theka usiku wozizira, ndi petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu yemwe zigubu zake simudziwa kuti zinasungapo chiyani. Ufa umenewu susungunuka mu thinazi. Uchotseni ndi mswachi, kamtengo kosongola ka nsungwi, kapena kabulashi kofewa ka mkuwa. Ukakanirira m'kapu, vinega wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kapena madzi a mandimu, kwa mphindi zisanu kapena khumi muli pomwepo mukuyang'ana, kenako tsukuluzani ndi madzi ambiri. Izi ndimalola pa kapu ndi majeti okha. Thupi la kabuleta, makamaka la zinki, sindiliika mu chowawasa chilichonse, ngakhale Coca-Cola amene anyamata amamutama uja, yemwe ali ndi asidi wake komanso shuga womata.

Kumaliza kwake ndi madzi ofunda, otentha moti dzanja likupirira, ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Ameneyu ndi wofatsa. Tsukani, tsukuluzani kawiri ndi madzi oyera, ndipo umitsani nthawi yomweyo, osasiya kuti ziume zokha mawa. Amene ali ndi kamakina kotsukira ndi kunjenjemera kwa madzi, ka ultrasonic, njira yake ndi yomweyi: madzi a madigiri 50 mpaka 60, sopo wofatsa, mphindi khumi kapena makumi awiri. Sitilu wulo, sandipepa ndi bulashi ya waya zisayandikire mkati mwa mmero wa kabuleta, modutsa mpweya muja, kapena pa silaidi, kachitsulo kokwera ndi kutsika mukamapatsa njinga moto. Silaidi zambiri zili ndi kakhungu koteteza, ndipo mukakapala silaidi imayamba kugwedera n'kumaba mpweya. Makabuleta ena amakhala ndi mtundu wachikasu chobiriwirira ngati golide wofwifwa. Umenewo ndi utoto woteteza ku dzimbiri, osati litsiro.

Pa majeti, yang'anani kudzuwa. Bowo lizioneka lozungulira bwino, lowala. Likakhala lotsekeka, tengani kachingwe kamodzi ka kopa kuchokera mu waya wofewa wa magetsi a njinga, kapena tsitsi limodzi la bulashi ya nailoni, kapena ulusi wa mbedza. Zonsezi n'zofewa kuposa mkuwa wa jeti. Singano, waya wa kebulo ya kilatchi ndi tizitsulo totsukira nsonga ya gasi wowotcherera ndizo zimapha majeti. Musaiwale kachubu komwe jeti yaikulu imamangidwapo. Kali ndi timabowo tambiri m'mbali tosakanizira mpweya ndi mafuta, ndipo anthu ambiri satiyang'ana n'komwe. Jeti yaing'ono nayo ili ndi timabowo ta m'mbali. Jeti yomwe wina anaiboola kale, kapena yomwe yakana kutseguka, gulani ina ya nambala yomweyo. Nambala imalembedwa pa jetipo.

Ntchito yeniyeni ili m'tinjira tobisika m'thupi la kabuleta, ndipo apa ndi pomwe ambiri amathamanga. Lowetsani kapaipi ka chitini chopopera m'dzenje la jeti yaing'ono. Mankhwala ayenera kutulukira malo atatu: pa kabowo kakang'ono mkati mwa mmero chakumbali ya injini, m'dzenje la sikuluwu ya mikisicha, ndi pa kabowo ka mpweya kukamwa kwa kabuleta chakumbali ya fyuluta. Tsekani awiri ndi zala, muone ngati lachitatu likutulutsa mwamphamvu, kenako sinthani. Chitani chimodzimodzi pa njira ya jeti yaikulu, polowera mafuta, ndi pa kapaipi kotayira mafuta osefukira. Pomaliza poperani mpweya mobwerera, kutanthauza kuchokera komwe mafuta amatulukira kupita komwe amalowera. Kompuresa ikasowa, pampu ya njinga yakapalasa yokhala ndi kapaipi kopyapyala imagwira ntchito. Koma musadzapopere mpweya wa kompuresa m'kabuleta yomanga kale. Fuloti imaphwanyika, nidulo imapindika nsonga, dayafuramu imang'ambika. Timasikuluwu tiwiri togwira gulugufe musatimasule. Anatiphwanya nsonga dala ku fakitale kuti tisamasuke, ndipo kamodzi kakagwera mu injini yanu yatsopanoyo mudzalira.

Pomanga, gwedezani fuloti pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta mkati, yaboola. Nsonga ya nidulo ikakhala ndi mzere wozungulira ngati mphete, isintheni. Ikani kapaipi koyera polowera mafuta, uzirani ndi pakamwa kabuleta ili chilili, mpweya udutse. Itembenuzeni chadodolido, mpweya uime. Ukapanda kuima, njinga idzataya mafuta pansi kapena kuwathira mu silinda usiku. Silikoni womatira asafike pa kabuleta, petulo amamufewetsa n'kukhala timinyololo totseka majeti. Majeti amangeni mongokwana, ulusi wake uli m'chitsulo chofewa. Bwezerani sikuluwu ya mikisicha pa nambala yomwe munalemba, mudzaikonza bwino injini ikatentha. Mukatha ikulungeni m'jumbo yoyera mpaka tsiku loimanga.

Kabuleta yoyera pa thanki yauve ndi kusamba n'kuvala zovala za dzulo. Tsukuluzani thanki, tsegulani kakapu ka pansi pa kampopi ka mafuta, ikani kafyuluta katsopano pa paipi, ndipo paipiyo ngati yauma isintheni. Labala yolumikiza kabuleta ndi hedi ipindeni muone ngati ili ndi ming'alu, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umachepetsa mafuta ndi kutenthetsa pistoni. Fyuluta ya mpweya ya siponji ichapeni, iume, muidonthezere oilo pang'ono n'kufinya.

Kapu yanu yakudayo musaitaye msanga. Itsukuluzeni ndi madzi ambiri, chifukwa kositiki wotsalira m'timaenje amapitiriza kudya. Ipukuteni ndi vinega wosungunula uja kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti aphe ukali wotsalawo, tsukuluzaninso, kwechani ndi mswachi ndi sopo wa mbale mpaka chala chisamadenso mukapaka. Mwaye umenewo ukatsala udzathera mu jeti yaing'ono. Mtundu wotuwa udzakhalapobe, ndipo injini ilibe nawo ntchito. Zofunika kuona ndi zitatu. Mlomo wogona gasiketi: ikani kapu chafufumimba pa galasi, isagwedere, ndipo ngati pali pokwera pang'ono iperezeni pa sandipepa wosalala wa nambala 600 woyala pagalasipo. Ulusi wa sikuluwu yotayira mafuta pansi: uzigwira bwino osaterereka. Kenako mangani sikuluwuyo, dzazani kapu ndi palafini mpaka pafupi ndi nsonga ya kapaipi kosefukira, ikhazikeni pa nyuzipepala youma, mupite kukadya nsima. Mukabwerako n'kupeza pepala louma, imangeni. Mukapeza kadontho ngakhale kamodzi, kafuneni kapu ina kwa ophwasula njinga, ndipo popita mutenge thupi la kabuleta m'thumba kuti mukayezere pomwepo, chifukwa makapu a njinga zimenezi amafanana nkhope koma mabowo a masikuluwu amasiyana.